WAGWA NDANI? PHUNZIRO PA LIU LAKUTI "KUKHUMUDWITSA"

Mau owerenga: Levitiko 19:14, Mateyu 15:10-14, 16:13-23, 17:24-27, 18:1-10

Phunziro lathu la mwezi uno lili pa liu limodzi lokha. Ndi liu losasowa pa misonkhano yathu, m'nyumba za maliro, ngakhale mu minibasi yochokera ku Matero kupita ku tauni. Mtsikana walowa m'tchalitchi atavala siketi yosafika m'maondo, ife: "Watikhumudwitsa." Abusa aiwala kutchula dzina lathu pothokoza amene anaphika pa msonkhano, ife: "Takhumudwa." Mkulu wa mpingo wapezeka mu shabini Loweruka usiku: "Wakhumudwitsa mpingo." Ana athu a ku sukulu sataya nthawi, amangobwereka la Chingerezi ndi kunena kuti, "Mami, iyi ni scandal."

Zinthu zitatu izi sizilemera mofanana, komabe tazilonga m'thumba limodzi. Ine ndine mphunzitsi wa ku sekondale, ndipo nthenda ya aphunzitsi ndi kufuna kudziwa kumene liu linachokera. Mundipirire pang'ono, pakuti ndaona liu limeneli likutulutsa anthu mu mpingo, ndipo ena a iwo sanabwerenso.

Poyamba linali la kuphazi

Agogo anga akazi kwathu ku Katete akafuula kuti, "Mayo, ndakhumudwa!", ife adzukulu tinali kuthamangira kuyang'ana chala cha kuphazi. Kukhumudwa kunali kugunda phazi pa chitsa kapena pa mwala uli pa ulendo. Chikhadabo chimazuka, magazi amatuluka, ndipo ngati unasenza mtsuko ndiye kuti madzi ndi mtsuko womwe zapita. Pa kukhumudwa kotere pamafunika munthu amene akupita kwina kwake, njira, ndi chinthu chimene chagona pa njirapo. Wokhala pa mphasa sakhumudwa.

Lero liuli linasamuka ku phazi n'kukakhala mu mtima. Tikati takhumudwa titanthauza kuti sitinakondwere, kapena kuti chimene taona chatinyansa. Chilankhulo chimayenda, palibe mlandu. Koma pamene Buku Lopatulika linatuluka lathunthu mu 1922, ntchito imene anatsogolera Mbusa William Murray wa mishoni ya Nkhoma, owerenga ake anali anthu oyenda pansi opanda nsapato m'tinjira ta zitsa. Iwo akamva liu ili anali kuona munthu akugwa. Ife tikalimva tiona nkhope yokwinya. Chotero tiwerenga vesi lomwelo, koma timva zina.

Kamtengo ka pa diwa

Chipangano Chatsopano chinalembedwa m'Chigriki, ndipo liu limene lili kuseri kwa "chokhumudwitsa" ndi skandalon. Amene munakulira kum'mawa mudzalimva msanga, chifukwa diwa mulidziwa. Mnyamata amaimika mwala wophwatalala mopendeka pa kamtengo, namangirira nyambo, kaya ndi njere ya chimanga kaya nshawa. Mbewa siona mwalawo, ingoona chakudya. Ikakhudza nyambo kamtengo kamaguluka, mwala n'kugwa. Agriki akale anali ndi liu la pachibale, skandalethron, limene linali dzina la kamtengo kotere ka mu msampha.

Ayuda a ku Alexandria, m'dziko la Igupto, atayamba kumasulira malembo ao m'Chigriki zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe, anatenga skandalon kuimira mau awiri a Chihebri. Loyamba ndi mokesh, ndiko kuti msampha. Lachiwiri ndi mikshol, chinthu chogwetsa munthu pa njira. Lachiwirili ndilo lili pa Levitiko 19:14, pamene Mulungu aletsa kutukwana wogontha ndi kuikira wakhungu chinthu chomugwetsa. Taganizirani nkhanza yake. Wogontha samva kuti watukwanidwa, wakhungu saona amene waika mwala. Wochita zotere adziwa kuti sadzagwidwa, ndipo mwina anzake aima pambali akuseka. N'chifukwa chake vesilo litha ndi nkhani ya kuopa Mulungu, popeza palibe mboni ina. Ife a mpingo umene unayambira ku Magwero mu 1899, kumene kuli sukulu za akhungu ndi ogontha, vesi ili lisamatipite patali.

M'Chipangano Chatsopano skandalon lipezeka ka 15, ndipo mneni wake, skandalizo, pafupifupi ka 30. Amene alikonda koposa onse ndi Mateyu. Omasulira athu sanalitembenuze ndi liu limodzi paliponse: pena mupeza kukhumudwitsa, pena kulakwitsa, ndipo m'matembenuzidwe ena atsopano mupeza kuchimwitsa. Onsewa alozera ku chinthu chimodzi, kugwetsa munthu amene anali kuyenda bwino.

Ulendo wa liuli sunathere pomwepo. Jerome, amene anamasulira Baibulo m'Chilatini cha m'ma 400, analisunga monga scandalum. Kuchokera apo linadzera m'Chifalansa n'kulowa m'Chingerezi, ndipo kumeneko linabereka mapasa. Mmodzi ndi scandal, nkhani yonyansa imene yamveka ponseponse. Wina ndi slander, ndiko kuipitsa dzina la mnzako ndi mabodza. Ana anga a sukulu amadabwa ndikawauza kuti mau awiriwa ndi a mimba imodzi. Ine sindidabwa, pakuti m'komboni sindinaonepo mmodzi akuyenda popanda mnzake.

Masiku ano anyuzi amatcha scandal nkhani monga ya Cashgate ya ku Malawi mu 2013, kapena ya magalimoto ozimira moto 42 amene boma lathu linagula pa madola 42 miliyoni, imene inautsa mkwiyo mu 2017. Muone kusintha kwake. M'Baibulo maso ali pa amene wagwa ndi amene anatcha msampha. M'manyuzi, ndi m'makambidwe athu, maso ali pa ife omvera, ndi mmene zatinyansira.

Zithunzi za mu 2009

Ambiri a inu mukumbukira sitalaka ya manesi ya mu June 2009. M'masiku amenewo mai wina woyembekezera anabwezedwa ku makiliniki, ndipo pofika ku UTH anachirira panja, popanda womuthandiza. Mwana anadza ndi miyendo, namwalira. Zithunzi za zimene zinachitikazo zinafika ku nyuzi ya The Post, ija inatsekedwa mu 2016. Mkonzi wa nkhani, Chansa Kabwela, sanazisindikize. Anazitumiza pamodzi ndi kalata kwa wachiwiri kwa Pulezidenti, a George Kunda, kwa nduna ya zaumoyo ndi ku mabungwe a azimai, kupempha kuti sitalakayo ithe. Pulezidenti Rupiah Banda anati zithunzizo n'zolaula, ndipo mu July Kabwela anamangidwa pa mlandu wofalitsa zinthu zoononga makhalidwe, mlandu umene ukanamutsekera m'ndende zaka zisanu. Pa 16 November 2009 khoti linamumasula, litapeza kuti panalibe umboni woti zithunzizo zikanaononga makhalidwe a munthu.

Ine zithunzizo sindinazione, koma ndivomera kuti kungomva chabe thupi langa linachita tsemwe. Kwathu za m'chikuta ndi za azimai okha, ngakhale mwini mkazi salowamo. Ulemu umenewo ndi wabwino ndipo sindifuna kuti utayike. Pa sabata zimenezo, mu stafurumu ndi pa mpopi pomwe, nkhani inali yoti mkazi mnzathu wavulidwa pamaso pa amuna. Tinakamba zimenezo masiku ambiri. Koma ndiyesa kukumbukira kuti ndi angati a ife tinalira mwana uja, ndipo ndichita manyazi ndi yankho lake.

Tsono tiyese nkhaniyi ndi muyeso wa diwa. Ndani anagwa chifukwa cha zithunzi? Khoti linafunafuna, silinapeze munthu. Panali anthu onyansidwa, ndipo kunyansidwa kwao kunali koona, koma palibe amene anasokera. Amene anagwa ndi mai amene anapeza zitseko zotseka pa ora lake, ndi mwana amene sanalire n'komwe. Mwala unali pa njira zithunzi zisanajambulidwe. Ife tinakwiyira amene anatiloza mwalawo.

Chopatsidwa ndi chodzitengera

John Calvin analimbana ndi liu limeneli kwambiri, kotero kuti mu 1550 analemba kabuku kathunthu pa zokhumudwitsa. M'buku lake lalikulu la chiphunzitso, pa mutu wa ufulu wa Mkhristu, asiyanitsa mitundu iwiri. Pali chokhumudwitsa chopatsidwa, pamene ine ndachita chinthu mosasamala, kapena pa nthawi yolakwika, ndipo munthu wofooka wagwa nacho. Mlandu uli pa ine. Palinso chodzitengera, pamene chinthucho sichinali choipa koma woonayo, chifukwa cha mtima wowawa kapena kunyada, wachisandutsa mlandu. Choyambacho achitcha cha ofooka, chachiwiricho cha Afarisi.

Tsegulani Mateyu 15. Yesu waphunzitsa kuti chodetsa munthu ndi chotuluka m'kamwa, osati cholowa. Ophunzira adza kudzamunong'oneza kuti Afarisi akhumudwa ndi mau amenewo. Yesu sapepesa, sabweza mau. Awauza kuti awaleke, pakuti ndi atsogoleri osaona. Tsopano pitani pa mutu 17. Okhometsa msonkho wa Kachisi afunsa Petro ngati Mphunzitsi wake amapereka. Yesu aonetsa kuti monga Mwana sakakamizidwa kupereka, komabe atuma Petro ku nyanja kukatenga ndalama m'kamwa mwa nsomba, ndipo chifukwa chimene apereka ndi chakuti asawakhumudwitse. Mneni wa Chigriki ndi yemweyo m'malo onse awiri. Pa mutu 17 chimene chikanatayika ndi ndalama ndi ufulu wake, ndipo anazitaya mosavuta. Pa mutu 15 chimene chikanatayika ndi choonadi, ndipo sanasunthe.

Paulo anachita chimodzimodzi. Anadula Timoteo chifukwa cha Ayuda a m'madera amene anali kupitako, monga tiwerenga pa Machitidwe 16:3, koma pa Agalatiya 2 anakana kuti Tito adulidwe pamene abale onyenga anafuna kuchiyesa lamulo la chipulumutso. Pa 1 Akorinto 8 ali wokonzeka kuleka nyama moyo wake wonse ngati nyamayo igwetsa mbale. Koma wofooka wa Paulo tisamusokoneze ndi mai wa pa benchi la kutsogolo amene zonse zimamunyansa. Wofooka ndi munthu amene anatuluka kumene m'kupembedza mafano, amene akakuona ukudya m'nyumba ya fano adzakutsata, nadya chikumbumtima chake chikumutsutsa, n'kubwerera kumene anachoka. Wofooka amatsanzira. Mfarisi satsanzira, amangoloza chala.

Mwa chitsanzo, mai amene wangoleka kumene mowa akaona wa yunifolomu ya Chigwirizano akumwa mobisa pa kichini pate, nati mumtima, "Kani n'zololedwa," ameneyo wakhumudwitsidwa m'tanthauzo la Baibulo. Koma ine, wa zaka makumi atatu m'Chigwirizano, ndikaona mtsikana wa siketi yaifupi, sindili pa ngozi yokagula yangayanga. Zandinyansa, inde, ndipo ndingathe kumuitanira pambali n'kumulangiza monga mwana wanga. Koma ndisabwereke mau a Yesu a mphero ndi kumukoloweka nao m'khosi.

Mphero ija ndi ya yani?

Pa Mateyu 18 Yesu waimika kamwana pakati pa ophunzira. Chenjezo lake ndi loopsa koposa: wogwetsa mmodzi wa ang'ono okhulupirira Iye, kukanamukomera kumizidwa m'nyanja yakuya ali ndi mphero m'khosi. Mphero yake si ija ya pa manja imene amai athu anali kuperera mapira atagwada. Chigriki chinena mphero ya bulu, chimwala chachikulu chimene chinali kuzunguzidwa ndi nyama. Ndipo tione bwino kumene chenjezoli layang'ana. Lichokera kwa wamng'ono kupita kwa wamkulu. Ndi wamkulu amene achenjezedwa.

Zaka zingapo zapitazo ndinali ndi mtsikana m'kalasi langa la Giredi 11, wanzeru pa masamu, woimba m'kwaya ya achinyamata. Dzina lake ndi komboni yake ndisunga. Anali kukhala ndi agogo ake ogulitsa malasha a m'timapulasitiki. Anatenga mimba. Lamulo la boma la mu 1997 lilola mtsikana wotere kubwerera ku sukulu akachira, ndipo ku sukulu tinamulembera tsiku lobwerera. Ku mpingo nkhani inayenda mwa njira ina. Ndinamva ndi makutu anga azimai akuti, "Mwana uja watikhumudwitsa, watichotsa ulemu." Anaimitsidwa pa Mgonero monga mwa dongosolo, ndipo za dongosolo sinditsutsa. Chimene chinandisowetsa tulo n'chakuti mwini mimbayo tonse tinali kumudziwa. Anali bambo wa banja lake, wa zaka zoposa 40, wa kantemba pafupi ndi nyumba yao. Anayamba ndi kumupatsa pamela pa ngongole pamene kunyumba kunalibe unga, kenaka sopo ndi mafuta odzola, kenaka foni. Imeneyo ndiyo nyambo, ndipo anaimangirira mwaluso kwa chaka chathunthu, ife tikupita pa kantembapo kukagula shuga. Za iye palibe amene ananena kuti watikhumudwitsa. Ena anati, "Amuna ni amuna."

Inenso ndinakhala chete pa msonkhano umene nkhaniyi inakambidwa. Ndinadziuza kuti mtumiki ntchito yake ndi zopereka ndi odwala, za milandu n'za akulu a mpingo. Kunali kuopa chabe.

Sinditi mtsikanayo analibe cholakwa. Iye mwini sananene zimenezo. Koma tikawerenga Mateyu 18 moona, wogwa anali iye, wotcha diwa anali bambo uja, ndipo ife amene tinati takhumudwa sitinagwe konse. Tinali chiimire, tikuyang'ana. Paulo pa 2 Akorinto 11:29 anena kuti wina akagwetsedwa, iye amatentha mumtima. Ife tinatentha ndithu, koma moto wathu unapsereza wogwayo.

Mwala wa ku Kanyama

Amene mukhala ku Kanyama, ku Chawama kapena ku George mudziwa za nyengo ya mvula. Madzi akadzaza m'njira, anthu amaponya miyala ndi zidutswa za mabuloko kuti tipondepo popita ku msika. Masana mwala umenewo ndi mlatho, timauthokoza. Mvula ikatha, malaiti atapita, mwala womwewo ndiwo ukuzula chikhadabo. Mwala sunasinthe.

Ndimakumbukira zimenezi ndikawerenga Mateyu 16. Pa vesi 18 Yesu atcha Petro mwala. Mavesi asanu okha kutsogolo, pa vesi 23, amutcha skandalon. Petro sanatukwane, sanabe. Anangomutengera Yesu pambali mwachikondi, namuletsa kupita ku imfa. Anali kufuna kupewa chinthu chonyansa, pakuti mtanda unali imfa ya manyazi, ndipo Paulo pa 1 Akorinto 1:23 avomera kuti kwa Ayuda mtandawo unali chokhumudwitsa. Pofuna kutchinga manyazi, Petro anagona yekha pa njira ya Ambuye.

Apa ndi pamene liuli litikhudza ife alangizi ndi amai a m'nyumba. Kangati tauza mwana kuti, "Khala chete, usachititse banja manyazi," pamene amalume ake, kapena bambo womupeza, amulowera usiku? Kangati tabweza mkazi wotupa nkhope ku nyumba ya mwamuna ndi mau akuti banja ndi kupirira, kuopa kuti anthu a pa mpingo angamve? Timatero mwachikondi monga Petro. Timati tikupewa scandal. Koma tathawa scandal ya m'Chingerezi, ija ya kumveka kwa nkhani, ndi kusiya skandalon ya m'Baibulo ili chitchere m'nyumba, kudikira mng'ono wake wa mwanayo. Lamulo la dziko lino lipereka zaka zosachepera 15 m'ndende kwa wogona ndi mwana wosafika zaka 16, ndipo kuyambira mu 2023 ukwati wa munthu wosafika zaka 18 ndi wosaloledwa, ngakhale wa mwambo. Ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, ndipo nambala ya 116 ndi yaulere pa nkhani za ana. Kukanena kumeneko si kukhumudwitsa mpingo. Nkhani zotere sizitha ndi mbuzi kapena ndalama za pa mphasa.

Mtsikana wanga uja anabwerera ku sukulu mwana atakwanitsa chaka, nalemba mayeso a Giredi 12, napambana bwino. Ku tchalitchi sanabwerere. Ndinakumana naye tsiku lina ku City Market ali ndi mwana kumbuyo, ndipo nditamufunsa anandiyankha mwaulemu, maso ali pansi: "Amai, nimayopa maso ya bantu." Chilango chake chinali chitatha kalekale. Chimene chinamutsekera pakhomo ndi maso athu, ndipo pamenepo ndinazindikira kuti anagwa kawiri, ndi kuti mwala wachiwiri unali wathu.

Pokambirana m'magulu sabata ino, aliyense akumbukire nthawi yomaliza imene ananena kuti wakhumudwa ndi munthu wa mu mpingo, ndipo ayankhe mumtima mwake: kodi ndinagwa, kapena zinangondinyansa? Kenaka atsogoleri a madera awerenge m'kaundula maina a atsikana ndi azimai amene anaimitsidwa m'zaka zisanu zapitazi ndipo sanabwerere. Mainawo asawerengedwe mokweza pa gulu. Agawidwe mwakachetechete kwa amai awiriawiri oti akawachezere mwezi uno usanathe. Wanga ndinamupeza kale kumene akhala, ndipo ndapempha amai abusa kuti atsagane nane Lachiwiri.